Jekete Ziwiri za Abambo Anga

Ana inu, tsiku lija Dalitso anabwera kutchuthi atavala jekete yake ya pa kaunjika, n'kumazungulira pabwalo kuti aliyense amuone, munaona kuti ine ndinangoigwira pakolala, kenako n'kulowa m'nyumba osanena kanthu. Tamanda anandilondola kudzafunsa ngati anganga akwiya. Sindinakwiye. Kungoti pakamwa panga m'polemera chibadwire. Ndili mtsikana, aphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana zala zakumiyendo ngakhale yankho ndikulidziwa, ndipo zimene zinkandikanika kunena ndinkazilemba kumapeto kwa kope. Makope aja anadyedwa ndi chiswe kalekale, koma chizolowezi chinatsala. Ndiye ndati ndikulembereni. Tamanda, uwawerengere anzakowo mokweza, ndipo foni uyambe waika pansi.

Pakolala ya jekete ya Dalitso pali kansalu kojambulidwa mutu wa mbawala ya nyanga zanthambinthambi, mtundu wa mbawala umene kuno kulibe. Mutu umenewo ine ndinaudziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa, chifukwa unali pa jekete ya abambo anga, a Namaona.

Abambo anali mlenje wa mbalame. Inu mukamva zoti mlenje mumaganiza za munthu wa mfuti ndi agalu. Iwo mfuti analibe. Ankatchera misampha ya ulusi m'madambo a njedza, udzu wautali uja wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, n'kumakola zipiyo, anadititi, mwa apo ndi apo tsekwe. Ankapita ndi mnzawo, Che Amidu, Msilamu wa kufupi ndi kudoko la Kachulu. Awiriwa ankagwirizana ngati chala ndi mkanda. Abambo ankadziwa poponda mbalame, Che Amidu ankadziwa kuyendetsa bwato m'tinjira ta m'njedza, ndiponso ndiwo ankazinga mbalamezo, kuti pa Kachulu aliyense agule, Mkhristu ndi Msilamu yemwe. Ankatha masiku ali komweko, akugona pa kachisakasa komangidwa pamwamba pa udzu woyandama. Inu mukagona pamkeka usiku umodzi mumadzuka mukudandaula nthiti. Iwo pansi pawo pankagwedezeka, madzi ali m'munsi.

Koma abambo anali ndi chifuwa. Ali mnyamata anapitako kumigodi ku Joni, ndipo fumbi la kumeneko anabwera nalo m'mapapo. Nthawi yotentha sichinkavuta. Ikafika Juni, mphepo ya mwera itayamba kuomba pamadzi, chifuwacho chinkadzuka, ndipo m'nyumba monse tinkamvetsera katsokomoledwe kawo monga mmene mlimi amamvetserera mabingu. Amayi ankanena poyera kuti chimene chimawasunga bambo anu kudambo si mankhwala, ndi jekete.

Jeketeyo anawasiyira mzungu wina amene ankabwera kuchokera ku Zomba kudzawombera abakha, abambo akumukankhira bwato. Pobwerera kwawo anawapatsa. Inali yolemera ngati mwana wa mbuzi, ya nsalu yokhuthala ngati tenti, mtundu wake wosadziwikanso, pakati pa matope ndi fodya wouma. Kolala yake inali yofewa, matumba ake akuluakulu moti chipiyo chinkalowa chonse, mutu wokha kutulukira. Munga sunkaiboola. Masamba a njedza, amene amacheka khungu ngati lezala, ankangotsetsereka. Ndipo sinkachita phokoso. Munthu ankatha kufika pafupi ndi mbalame ili phee, ikudya.

Kununkha kokha ndiye musanene. Inkanunkha nthenga, utsi, thope ndi phula. Amayi sankailola m'chipinda, inkagona pamsomali pakhonde, ndipo ngakhale akuba ankaisiya. Ine ndinkaikonda. Abambo akachoka osaivala, nthawi yotentha, ndinkalowetsa mutu m'kati mwake n'kuima choncho, mumdima wonunkha abambo anga. Musaseke. Nanunso Yankho ndinakupezani mukununkhiza chitenje cha amanu atapita ku Lilongwe.

Chaka chilichonse, mpunga ukangokololedwa kusikimu ya Likangala, abambo ankaidyetsa jeketeyo. Ndi mmene ankanenera, kuidyetsa. Mzungu uja ndiye anawaphunzitsa. Ankagula phula la njuchi kwa anthu a kuphiri, n'kulisungunula m'chitini pamodzi ndi timafuta ta nsatsi. Ankalipaka ndi kasanza, kuyambira m'mapewa, msoko uliwonse, mosathamanga. Akatha ankaika makala amoto m'phale, n'kuitambasula jeketeyo pamwamba pake, kuiyendetsa uku ndi uku. Phula lija linkanyezimira kanthawi, kenako n'kulowa m'nsalu, kuzimiririka ngati madzi pamchenga. Ikatero, mvula inkangogubuduzika pamwamba ngati pamsana pa bakha. Ntchito yanga inali kukupiza makala ndi chivundikiro cha poto. Sitinkalankhulana. Abambo nawonso sanali olankhulalankhula, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake ntchitoyi ankaitanira ine, osati achemwali anga.

Achemwali angawo ndi a Edina, amene inu munawadziwa atakalamba kale. Pa utsikana wawo ankaseka mpaka agalu a kutsidya kuuwa. Anakwatiwa ndi a Makwinja, agogo anu a ku Bangwe aja, amene nthawi imeneyo anali mesenjala mu ofesi ina ku Limbe. Apa mumvetse bwino, chifukwa za masiku ano n'zosiyana. Kwathu kuno mwamuna ankabwera kudzakhala kwa mkazi. Ankamanga nyumba pamudzi pa apongozi, kuwalimira, kufolera nkhokwe. A Makwinja sanatero. Ntchito inali m'tauni, ndiye anatenga mkazi n'kupita naye. Pamudzi anthu sanasiye kuinena nkhaniyi. Kuchitsime amayi ankamva mawu oponyedwa m'mbali.

"Ena akamwini awo amaoneka ndi khasu. Ena amaoneka pa Khrisimasi ndi buledi."

A Makwinja ankazimva zimenezi, ndipo zinkawapweteka, chifukwa anali munthu wofatsa, wofuna kukondedwa. Malipiro a mesenjala mukuwadziwa. Ndiye tsiku lina achemwali anawauza za jekete ya abambo, kuti yakalamba, zigongono zayamba kunyezimira, ndiponso kuti ili ndi mutu wa mbawala pakolala. Inali nthawi imene matipate anali atangolowa, sukulu itakhala yaulere moti m'kalasi mwathu tinkakhala mothinana ngati matemba pa thandala, ndipo kaunjika anali atasefukira m'misika. Kale chovala chinkachokera kwa telala kapena kusitolo ya Mmwenye, n'kuvalidwa mpaka chigamba kukwera pa chigamba chinzake. Tsopano zovala za azungu zinali mulumulu pansi. A Makwinja anayamba kuyenda m'misika ya ku Limbe akaweruka, miyezi ndithu, kuvundukula milu, kufunafuna mutu wa mbawala. Anaupeza.

Anabwera nayo pa Pasaka, chaka chimene nyanja inayamba kuthawa. Mvula inali itavuta, mtsinje wa Likangala unali utachepa, ndipo kusikimu mpunga wambiri unangouma uli chiimire. Asodzi ankabwera ndi timatemba tosadzaza n'chipewa chomwe. Aliyense ankadziwa kuti chaka chimenecho m'nyumba mwathu tidya za m'misampha ya abambo, apo ayi sitidya.

Mkamwini sapereka chinthu m'manja mwa apongozi. Sakhalanso nawo mphasa imodzi. A Makwinja anakhala patali pansi pa mtengo wa mango, atayang'ana kumbali, ndipo achemwali anandipatsa ine phukusi kuti ndikapereke. Ndinagwada, anthu atadzaza pabwalo, ena ongobwera kudzaona chimene mkamwini wa buledi wabweretsa. Abambo anamasula.

Inali yokongola, ana inu, tisanamizane. Yobiriwira bwino, yosang'ambika paliponse, ya zipi wonyezimira ndi mabatani achitsulo. Abambo anatembenuza kolala. Mbawala ija inali pomwepo, nyanga zake zomwezija. Anandiitana kuti ndiwerenge mawu a m'munsi mwake, ndipo ndinanong'ona kuti dzina ndi lomwelo.

"Kweza mawu, anthu amve," anatero amayi.

"Ndi lomwelo," ndinatero.

Amayi analulutira. Anaimirira n'kuvina pang'ono, akuyang'ana amayi ena aja a kuchitsime mmodzimmodzi. Abambo anaivala, n'kuyendetsa mapewa.

"Koma ndiye n'njopepuka," anatero.

"Za masiku ano amapanga choncho, bambo," anayankha achemwali. "Zolemera zija n'zachikale."

Abambo anawomba m'manja mwaulemu, akuyang'ana pansi. "Muwauze bambo a kunyumba kwanu kuti ndavala. Andiveka pamaso pa anthu."

Che Amidu analipo tsiku limenelo. Zaka zonse ankapita kudambo atafunda chiguduli chobooledwa pakati, ndipo nthabwala yawo inali imodzi: "Che Namaona, mukadzafa jeketeyi ndi yanga, ndauza kale akazi anu." Ndiye abambo, mtima uli m'mwamba, anapita pamsomali paja, anatenga jekete yakale n'kuiika pamapewa a mnzawo.

"Tengani ndikali moyo, mungamandipempherere imfa."

Anthu anaseka. Che Amidu anaivala pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, n'kumayenda ngati msilikali mpaka thukuta kuyenderera. Linali tsiku labwino. Ndimalikumbukira kuti linali labwino.

Mwezi wa Meyi uli pakati, abambo anagula phula monga mwa nthawi zonse. Ndinabwera kuchokera kusukulu masana n'kupeza chitini chili kale pamoto. Anandikodola, ine n'kutenga chivundikiro changa. Anapaka mapewa, msana, misoko. Koma phula silinkagwira bwino, linkangoterereka n'kuundana timibulu toyera.

"Ikadali yatsopano, sinaphunzire kudya," anatero. "Kupiza."

Ndinakupiza. Anaitambasula pamwamba pa phale. Phula linasungunuka, linanyezimira, koma osalowa. Linkangoyenda pamwamba. Abambo anaitsitsa pang'ono. Osalowabe. Anaitsitsanso, kufika pamene ankafikitsa yakale ija, pamene nsalu imamva kutentha n'kutsegula.

Sipanayake moto ayi. Msana wa jekete unangokwinyika, ngati nkhope ya mwana akafuna kulira, kenako panatseguka bowo, n'kumakula lokha, m'mbali mwake mukuda n'kumadontha. Fungo lake linali la jumbo yopsa. Abambo anaikoka msanga, dontho limodzi n'kuwamata padzanja, ndipo chipsera chake anapita nacho kumanda. M'kati mwa bowolo munkaoneka zoyera ngati thonje, nazonso zitafota. Bowolo munkalowa mbale ya ndiwo.

Nkhuku inabwera kudzajompha phula limene linagwera pansi. Abambo anatembenuza kolala n'kuyang'anitsitsa mbawala ija nthawi yaitali, ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale pamsika, mnzakeyo n'kumudutsa osamulonjera.

"Si nsalu iyi," anatero pomaliza. "Ndi pulasitiki."

Inu mukudziwa kuti zovala zoterezi siziyandikira moto, munabadwira m'kati mwake. Ife tikanadziwira kuti? Munthu amene wadyetsa jekete phula kuyambira ine ndisanabadwe, dzina lomwelo, mbawala yomweyo, akanaganiza bwanji kuti eni ake anasintha? Ndinadzamva ndili wamkulu kuti kwawoko zovala za dzina limeneli masiku ano amavala ndi anthu a m'tauni, potsika galimoto kulowa mu ofesi. Alenje amene ankawasokera poyamba aja kaya anatha, kaya alipo koma osoka anawaiwala. Chimene ndikudziwa n'chakuti anasunga mbawala, nsalu n'kuitaya.

Amayi atabwera kuchokera kudimba anaika manja kumutu. Anayesa kuika chigamba cha thalauza lakale, koma nsalu yopsayo inali itauma gwa, singano ikalowa inkangothetheka, bowo n'kumakula. Anasoka chomwecho, chigamba chachikulu chotuwa pamsana pobiriwira.

"Pitani kwa Che Amidu akubwezereni yanu," anatero amayi.

"Chopatsa sabweza. Ndinawaveka anthu akuona."

"Ndiye titumize mawu kwa Edina."

"Mawu oti chiyani? Oti mwamuna wako anagula chinyengo? Kapena oti bambo ako ndi chitsiru, aotcha mphatso?" Anatsokomola. "Mwana wa eni wayenda miyezi kufunafuna chinthu chimenechi. Mwavina nokha pabwalo pano. Mukufuna amayi a kuchitsime aja avinenso yawo?"

"Nanga chifuwacho?"

"Chifuwa n'changa."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, wakupiza makala basi. Sunaone kanthu." Sindikudziwa chifukwa chake anavutika kundiuza. Ine ndikanauza ndani?

Kuyambira pamenepo, pochoka pamudzi ankaponya thumba la misampha kumsana kuti libise chigamba. Anthu ankawaona akudutsa, wobiriwira ngati mmera, n'kumati a Namaona chaka chino atchena. Madzi anali atapita kutali. Pamene kale tinkakwerera bwato panali thope long'aluka, ndipo ankayenda mtunda wautali asanapeze ponyowa, kulowera cha ku chilumba cha Chisi kumene njedza zinali zikadali m'madzi. Alenje anachulukanso, chifukwa asodzi amene nsomba zinawathawa anatembenukira ku mbalame.

Ulendo woyamba anabwera ndi mbalame zochepa. Jekete inali itachekekachekeka m'manja monse ndi masamba a njedza, zoyera zija zikutuluka. Ulendo wachiwiri anabwera akutsokomola. Ndinaigwira jeketeyo atapachika pamsomali. Kunja inali youma, koma m'kati, madzi amene analowera pachigamba anali atamwedwa ndi thonje lija, lozizira ngati chule. Yakale ija ikanyowa ankaiyanika pafupi ndi moto. Iyi akanaiyanika pati? Ankaivala yonyowa chomwecho m'mawa uliwonse, pamsana penipeni pamene pali mapapo.

Tsiku lina Che Amidu anabwera masana, jekete yakale ataipinda m'khwapa. Ine ndinali pakhonde kuseri kwa nkhokwe, ndikusankha mpunga wochepa umene tinapulumutsa. Anaiika pamphasa pakati pa iwo ndi abambo.

"Che Namaona, katundu wanu uyu. Wandikana. Akuti mapewa anga ndi aang'ono."

"Mapewa anu ndi omwe aja munkayenda nawo ngati msilikali."

"Ndiye tinene zoona. Yanu yatsopanoyo imalankhula. Mukamayenda imati fwaa, fwaa, zipiyo za ku Chisi zimauzana kuti a Namaona anyamuka. Ine ndatopa kubwerako chimanjamanja chifukwa cha inu."

Abambo anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Che Amidu anadikira mpaka chitatha. Atayambanso kulankhula, nthabwala zinali zitawathera.

"Usiku ndimakumvani mukutsokomola. Bwerekani, si kubweza. Muzikavalira kudambo, pobwera muzivala ya mkamwiniyo. Kudambo akuonani ndani, anadititi?"

"Kudambo chaka chino kuli mudzi wonse. Mawu akafika pa Kachulu m'mawa, akwera minibasi, madzulo ali ku Limbe." Abambo anaikankhira jekete ija kwa mnzawo. "Komanso inu muvala chiyani? Chiguduli chija munapatsa agalu. Ndinu wamkulu kwa ine."

"Ine chifuwa ndilibe."

"Ndinakupatsani, Che Amidu. Musandichititse manyazi pakhomo panga."

Che Amidu anaimirira, anatola jekete, n'kuyenda mpaka pamtengo wa mango. Ali pamenepo anatembenuka.

"Ulemu wanuwu udzakuphani, mlamu."

"Aliyense chilipo chodzamupha," anatero abambo.

Amayi, amene ankamva ali m'nyumba, anatuluka n'kunena kuti ndiye musapitenso, tidya therere. Abambo anangoloza nkhokwe. Inali yoti mwana akalowamo chakudya chinkangomulekeza m'mawondo.

Mu Julaye kunabwera chiperoni, kamvula kaja kosagwa kosaleka, kamene kamalowa mpaka m'mafupa. Kanakhala masiku. Inu kukazizira pang'ono mumakana kupita kusukulu, mumati majuzi sanaume. Ife tinkapita osavala nsapato, titakumbatira mwala wootcha pamoto wokulunga m'chisanza. Tsiku limenelo ndinali m'kalasi, mwala wanga utazizira kale, ndikuyang'ana pawindo kumene kunayenera kuoneka phiri la Chisi koma kunali utsi woyera wokhawokha. Poweruka, m'malo mopita kunyumba ndinatsata njira ya kunyanja. Sindikudziwa chimene chinandikoka.

Ndinakumana nawo pamalire a minda. Che Amidu ankakankha njinga yobwereka, atavala malaya okha, akunjenjemera. Pakaliyala panali abambo, atawerama, mutu uli pachishalo, atavekedwa jekete yakale ija mabatani onse. Yobiriwira inali yomangidwa ndi luzi kuhandulo, ikudontha.

"Gwira mbali iyo, mwanawe," anatero Che Amidu. "Thupi lawo likuotcha ngati mbaula. Ndawaveka ali osadziwa kanthu, apo ayi tikanamenyana."

Tinayenda. Ndinkamva kupuma kwawo, kukulira ngati macheka. Titayandikira nyumba zoyamba za m'mudzi, abambo anadzutsa mutu.

"Imani."

"Tafika kale, Che Namaona."

"Imani. Ndivuleni."

Che Amidu anatukwana m'Chiyao, mawu amene sindingawalembe pano. Koma abambo anali atayamba kale kulimbana ndi mabatani, zala zikukanika. Che Amidu anayang'ana kumwamba, kenako anawavula, n'kuwaveka yonyowa ija. Ine ndinaponya thumba la misampha pamsana pawo. Tinalowa m'mudzi choncho.

Kuchipatala anati ndi chibayo, chagwera pa mapapo otha kale. Anawabaya majekeseni, kutentha thupi kunatsika, n'kuwatulutsa. Koma munthu amene anabwerera kunyumba sanali woti n'kupitanso kudambo. Kuchoka pamphasa kufika pakhonde ankapumira panjira. Che Amidu ankabwera ndi mbalame ziwiri, zitatu, n'kunama kuti zakodwa m'misampha ya abambo, pamene misamphayo inali pamsomali tonse tikuiona. Chaka chimenecho tinadya gaga, tinadya zikhawo za m'thope zimene kale tinkati n'za nkhumba. Ine sukulu ndinalekera pomwepo. Nkhani imeneyo ndi ina.

Mawu a matenda anafika ku Limbe, ndipo achemwali ndi amuna awo anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka. M'mawa wa tsikulo abambo anaitana amayi ndi ine.

"Ndikhazikeni pakhonde, nditsamire khoma. Mundiveke jekete."

Kunali kutatentha kale, mwezi wa Seputembala. Tinawaveka. Amayi anabweza zoyera zija m'mabowo a m'manja ndi chala, n'kuwafunditsa chitenje m'mikono ngati akumva kuzizira. Kutsogolo inkaonekabe bwino, zipi akunyezimira. Msana unali kukhoma.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Achemwali atangoona mmene abambo anaondera analira, n'kukhala pafupi nawo. A Makwinja anakhala pansi pa mango paja, chipewa chili m'manja. Anabweretsa shuga ndi sopo. Atafunsa za matenda kudzera mwa akazi awo, analankhula akuyang'ana nkhokwe.

"Edina, tawafunsa bambo ngati chovala chija chikuwathandizako."

Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinayang'ana zala zanga zakumiyendo.

Abambo sanadikire kuti achemwali abwereze funsolo. Anayankha okha, molunjika, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mwananga, mukuona nokha, sindiivula. Chiperoni cha chaka chino chinali choopsa. Pakanapanda jekete imeneyi, bwenzi mutabwera kudzalira maliro."

Nkhope ya a Makwinja, ana inu. Anayesa kubisa koma inawala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso. Anapotokola chipewa chija, n'kunena kuti ankada nkhawa, poti inali yopepuka, mwina si yeniyeni.

"Ndi yeniyeni," anatero abambo. "Mbawala yake ndi yomweyo."

Anakhala chotsamira khomalo tsiku lonse. Thukuta linkatsika m'khosi, chifuwa chinkawagwedeza, koma sanasunthe. Achemwali anati bambo, tiyeni mukagone m'nyumba, iwo anati pano pali kamphepo kabwino. Anati vulani jeketeyo mwatentha, iwo anati ndaizolowera. Chakudya anadyera pomwepo. Anadikira mpaka alendo atatsanzika, atapita kukagona kwa azakhali, atakhota paseri pa nkhokwe. Pamenepo ndiye anati, "Ndichotseni," ndipo titawadzutsa miyendo inali itafa dzanzi, moti tinachita kuwanyamula.

Anamwalira mvula isanagwe, nyanja itaumiratu, anthu akupita ku Chisi wapansi. Powaika m'bokosi amayi anapinda jekete yobiriwira ija, msana kuloza pansi, n'kuwatsamiritsa kumutu. Amayi a kuchitsime aja anati koma mkamwini uyu, apongozi ake apita nayo mphatso yake. Che Amidu anaima patali ndi manda, kunja kukutentha, atavala yakale ija.

Achemwali anadzadziwa patapita zaka, amayi ndiwo anawauza. Analira, koma sanawauze amuna awo mpaka achemwaliwo kumwalira. Amayi anapita, Che Amidu anapita. Amene tinaona msana wa jekete ija ndatsala ndekha, ndipo tsopano mwadziwa ndi inu.

Agogo anu a ku Bangwe akali moyo, maso okha ndiwo anafooka. Mukudziwa mmene amachitira mukapita kukawaona. Amakugwirani dzanja, n'kuyamba kufotokoza mmene anayendera misika yonse ya ku Limbe, mulu ndi mulu, mmene anaipezera pansi penipeni, ndi mmene apongozi awo anawatchulira kuti mwananga, pakhonde, anthu akumva. Dalitso, ndinakuona chaka chatha ukuyasamula ali pakati pa nkhaniyo. Ulendo uno usayasamule. Akafika poti jekete ija inawasunga apongozi awo m'chiperoni, adzaima pang'ono, kudikira kuti wina avomere. Muzivomera. Muziti inde agogo, tinamva, inawasunga.